Galimoto Imodzi, Liwiro Losiyana

Mnzanga wokonda mipikisano ya galimoto ya ku America anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga bwanji Dodge Challenger Hellcat, imene inatuluka ndi mphamvu za akavalo 707, ikathamanga pa msewu wowongoka wa mamita 402 nthawi yake ya m'mawa imasiyana ndi ya masana, chikhalirecho palibe mmisiri waikhudza?" Inenso kale nkhani imeneyi inkandizunguza mutu, pakuti ndinkayesa kuti chitsulo sichisintha mtima.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipotu pamenepa ndi pagona nkhani. Mphamvu zonsezo zimatsikira pa matayala awiri akumbuyo, amene anapangidwira misewu wamba. Tsono woyendetsa akaponda moto mopitirira pang'ono pokha, kapena eni bwalo akapanda kupopera bwino mankhwala omata pansi, matayalawo amangozungulira pamalo amodzi, kufuka utsi ndi kulira, pamene mnzake wopikisana naye wapita kale, ndipo kamphindi kotayika ponyamukapo sikabwezeka kufikira kumapeto.

Chinanso ndi mpweya. Injini ili ngati moto wa pambaula, umene umayaka molingana ndi mpweya woulowa. Ndipo popeza mpweya wotentha ndi wopepuka, galimoto imene yathamanga kawiri katatu dzuwa lili paliwombo imafooka, kompyuta yake nichepetsa mphamvu dala kuti injini ingawonongeke. N'chifukwa chakenso kumapiri a Colorado, kumene mpweya ndi wochepa, galimoto monga Mustang ndi Camaro zimachedwerapo kusiyana ndi ku Florida, m'mphepete mwa nyanja.