Makina Obzalira Mbeu: Tiyambe Tawayesa Tisanagule

Nthawi yobzala ndi yaifupi. Kuno ku Chitipa mvula yobzalira ikagwa, banja lililonse lifuna kuti mbeu ilowe m'nthaka chinyontho chisanathe. Pothamanga chotero timaponya njere zinai paphando limodzi, pena ziwiri, pena kudumpha phando osadziwa. Mbeu yogula ndi yokwera mtengo, ndipo phando losamera ndi nsima yochepa m'mwezi wa njala. N'chifukwa chake makolo ena afunsa ngati kuli koyenera kugula makina obzalira m'munda wa pakhomo.

Makina otere si achilendo padziko. M'chaka cha 1701 mlimi wina wa ku England, Jethro Tull, anapanga makina okokedwa ndi kavalo amene anali kung'amba nthaka, kugwetsa mbeu pamzere ndi kuikwirira. Kufikira lero ntchito ya makina obzalira ndi yomweyo: kugwetsa njere zowerengeka, pa mpata wofanana ndi pa kuya kofanana. Makina olephera chimodzi mwa zitatu izi angotithera ndalama.

Oyenera munda waung'ono alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi obaya pansi, amene ku Brazil awatcha matraca. Ali ndi zogwirira ziwiri ndi mlomo wachitsulo. Munthu abaya nthaka, mlomo nutseguka, njere nigwa. Awa ayenda bwino pamwamba pa mizere ndi m'minda yotsetsereka monga ya ku Misuku, koma m'dothi lamakande lonyowa mlomo umamatirira matope, ndipo munthu atha kumaliza mzere wonse osagwetsa kanthu. Achiwiri ndi okankha, okhala ndi gudumu limene lizunguza kambale ka mabowo kotapa njere. Awa afuna nthaka yosalala, yopanda zibuma ndi zitsa. Okokedwa ndi ng'ombe ndi a minda yaikulu.

Posankha tiyambe taona mbeu imene tibzala. Chimanga, nyemba ndi mtedza zifuna mabowo osiyana, choncho tisagule makina a kambale kamodzi kokha. Mtedza suchedwa kusweka ukapanikizika. Tomato ndi kabichi, zimene timafesa panazale ndi kuwokera, sizifuna makina konse. Mbeu ya m'nkhokwe iri ndi njere zazikulu ndi zazing'ono; yaikulu itseka bowo, zazing'ono zigwa ziwiriziwiri. Tizisankha njere za pakati pa chitsononkho. Tifunsenso ngati mmisiri wa pa boma angathe kukonza makinawo akathyoka, pakuti chitsulo chosowa pochikonzera chimangochita dzimbiri pakhonde.

Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto wonyezimira usatinyenge. Makina ayesedwe wogulitsa akuona. Kabzalidwe ka chimanga kamene bungwe la Sasakawa linafalitsa m'Malawi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kakuti njere imodzi paphando, mapando atalikirane masentimita 25, mizere masentimita 75. Tsono tisese bwalo, tiyese mamita 10 ndi chingwe, tiyendetse makina, ndi kuwerenga njere zimene zagwa. Ziyenera kukhala ngati 40, zosasweka, zosaunjikana. Tiyese katatu. Apa mwana wa sukulu athandize atate ake, aone kuti masamu a m'kalasi agwira ntchito kumunda.

Tsiku lobzala tisakhulupirire makina kotheratu. Titabzala mzere woyamba tifukule mapando angapo kuona ngati njere zagwadi, ndi kuti zalowa pafupifupi masentimita 5. Wina aziyenda pambuyo kukwirira zoonekera, kuti nkhuku ndi akhwangwala zisatole. Mbeu ikamera tipakize msanga pamene yalephera. Madzulo titsanule mbeu yotsala, tichotse matope, tipake mafuta, ndi kusunga makina pouma. Mbeu yogula imakhala yopakidwa mankhwala, choncho ana asaseweretse, ndipo wobzala asambe m'manja.

Kodi banja lililonse ligule ake? Munda wa mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali uli ndi mapando 3,200. Banja lokhala ndi chingwe cha mfundo ndi kamtengo kosongola litha kuwabzala bwino lomwe popanda kutaya tambala. Koma kumene kuli nkhalamba zowawa msana, kapena amai amasiye osowa owathandiza, makina ndi dalitso. Mutu umodzi susenza denga: mabanja asanu, kaya amai a Umanyano, atha kusonkha ndi kugula amodzi, atafunsa nzeru kwa alangizi a zaulimi. Agwirizane mvula isanagwe za amene adzayamba ndi amene adzasunga, kuti chitsulo chisadanitse Akhristu.

Inu achinyamata, nayi ntchito yokuyenerani. Phunzirani kuyendetsa makinawo, ndipo mukatha kwanu mukabzalire agogo a m'mudzi mwanu. Mtumwi Paulo pa 1 Akorinto 3 atikumbutsa kuti kukulitsa mbeu ndi kwa Mulungu yekha. Gawo lathu ndi kubzala pa nthawi yake, mosamala, osataya chimene Iye watipatsa.