Resident Evil ndi kusintha kwa kaseweredwe kake

Resident Evil, yomwe ku Japan imadziwika kuti Biohazard, ndi mndandanda wa magemu oopsa opangidwa ndi kampani ya Capcom. Gemu yoyamba idatuluka mu 1996 pa makina a PlayStation, ndipo adaitsogolera ndi Shinji Mikami. Gemuyi ndi imene idatchukitsa dzina la survival horror, mtundu wa magemu omwe wosewera amalimbana ndi zoopsa ali ndi zida zochepa. Kwa zaka zambiri, osewera ndi opanga akhala akusiyana maganizo pa funso limodzi: kodi mndandandawu uzitsamira pa mantha kapena pa nkhondo?

Chiyambi

Mu gemu yoyamba, apolisi Chris Redfield ndi Jill Valentine atsekeredwa m'chinyumba china kunja kwa mzinda wopeka wa Raccoon City. M'nyumbamo mwadzaza anthu omwe adasanduka mazombi chifukwa cha kachilombo kopangidwa ndi kampani ya Umbrella. Mantha ake adamangidwa pa kusowa. Zipolopolo zinali zowerengeka, malo onyamulira katundu anali ochepa, ndipo wosewera sakadasunga pomwe wafika popanda riboni ya inki yoika pa makina otayipira. Kamera inali yosasuntha, choncho chilombo chimatha kumveka chisadaoneke. Resident Evil 2 ya mu 1998 ndi Resident Evil 3 ya mu 1999 zidatsata njira yomweyi.

Kupendekera ku nkhondo

Mu 2005, Resident Evil 4 idaika kamera kumbuyo kwa phewa la Leon S. Kennedy, zomwe zidalola wosewera kulunjika mfuti pamalo enieni pathupi la mdani. Njirayi idatengeredwa ndi magemu ena ambiri. Koma adani atachuluka, zipolopolo nazo zidachuluka. Resident Evil 5 ya mu 2009, yomwe nkhani yake idachitikira m'dera lopeka la ku Africa lotchedwa Kijuju, idabweretsa kusewera anthu awiri pamodzi, ndipo ena adaidzudzula chifukwa cha momwe idaonetsera anthu akuda. Resident Evil 6 ya mu 2012 idagulidwa kwambiri, koma ambiri adati mantha adatheramo.

Kubwerera ku mantha

Capcom idayankha ndi Resident Evil 7 mu 2017. Wosewera amaona zinthu ndi maso a Ethan Winters, munthu wamba yemwe akufunafuna mkazi wake pakhomo la banja la Baker ku Louisiana. Resident Evil Village ya mu 2021 idapitiriza nkhaniyi koma idawonjezera kumenyana. Kampaniyi idapanganso mwatsopano gemu yachiwiri mu 2019, yachitatu mu 2020 ndi yachinayi mu 2023.

Mkangano wa tsogolo lake

Pali mfundo zitatu zomwe zimatchulidwa kawirikawiri. Yoyamba ndi mphamvu za wosewera: munthu wokhala ndi mfuti zambiri sachita mantha, koma gemu yongothawa nayo imatopetsa. Yachiwiri ndi anthu a m'nkhani. Leon, Chris ndi Jill amakondedwa, koma pano ndi akatswiri pa nkhondo, choncho n'kovuta kukhulupirira kuti angaope zombi imodzi m'kakhonde. Munthu watsopano amaopa mosavuta, koma alibe omutsatira. Yachitatu ndi kupanganso magemu akale, komwe kumakopa osewera atsopano koma kuli ndi malire, poti magemu akalewo ndi owerengeka.

Mu 2025 Capcom idalengeza gemu yachisanu ndi chinayi, Resident Evil Requiem, yokhala ndi munthu watsopano dzina lake Grace Ashcroft. Wosewera amasankha yekha kuona ndi maso a Grace kapena kuchokera kumbuyo kwa phewa lake, zomwe zikusonyeza kuti kampaniyi ikufuna kusunga magulu onse awiri a osewera.