Nyali yofiira imayaka mochedwa, geji yoonjezera imachenjeza msanga

Msewu wochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre umayesa injini kuposa makaniko aliyense. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumafika madigiri 40, ndipo galimoto ikangodutsa pa Thabwa imayamba chikweza chokhotakhota pa giya yotsika, itadzaza anthu ndi katundu, mphepo yolowa ku radiyeta ili yochepa. Ku Chiweta n'chimodzimodzi, ku Khwekhwelere pakati pa Golomoti ndi Dedza osanena. Oyenda m'misewu imeneyi sadabwa kuona galimoto itaima pambali, boneti ili yasa, dalaivala ali ndi chigubu m'manja kufunafuna madzi.

Ambiri mwa madalaivalawa sikuti amachita mphwayi. Magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu ya ku Malawi, monga Toyota Sienta, Vitz, Passo ndi Honda Fit, ambiri alibe muvi wosonyeza kutentha kwa injini. Ali ndi tinyali basi. Kabuluu kapena kobiriwira kamayaka m'mawa injini ikadali yozizira, kofiira kamayaka injini itatenthedwa kale, ndipo pakati pake palibe uthenga uliwonse. Ngakhale pa magalimoto okhala ndi muvi, opanga ambiri amaukonza kuti uzingokhala pakati malinga kutentha kuli m'malire, kotero ukayamba kusuntha zinthu zimakhala zitapita patali.

Injini ya petulo imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pakati pa madigiri 85 ndi 100. Pa magalimoto ambiri a Toyota, thermostat imayamba kutseguka cha pa madigiri 82 kuti madzi apite ku radiyeta, ndipo fani imayaka kutentha kukayandikira 100. Madziwo sawira chifukwa chotsekera cha radiyeta chimawapanikiza ndi mphamvu ya 0.9 kapena 1.1 bar, zomwe zimawalola kufika cha m'ma 120 asanawire. Chotsekeracho chikatopa, chitetezo chimenechi chimatha. Ku Dedza, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, madzi wamba osapanikizidwa amawira cha pa madigiri 95, kutentha kumene injini yabwinobwino imafikako tsiku lililonse. Madzi akawira, mutu wa injini, umene pa magalimoto amakono ndi wa aluminiyamu, umapindika, gasket n'kupsa, madzi n'kusakanikirana ndi oyilo. Ndalama yokonzera zimenezi ingagule mageji ambirimbiri.

Njira yosavuta yoonera nambala yeniyeni ndi yodzera pa soketi ya OBD2. Soketiyi ili ndi mabowo 16 ndipo imakhala pansi pa dashibodi, pafupi ndi chiwongolero, pomwe amakaniko amalowetsa makina awo a dayagonositiki. Dziko la United States linailamula pa magalimoto ang'onoang'ono onse atsopano kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya lamulo lofanana nalo linayamba mu 2001 pa a petulo ndi 2004 pa a dizilo. Kompyuta ya galimoto imadziwa kale kutentha kwa madzi, chimene chimasowa ndi pomuonetsera dalaivala. Geji monga ScanGauge, kapena kachipangizo ka ELM327 kotumiza manambala ku foni kudzera pa Bluetooth ndi pulogalamu monga Torque, kamangolowetsedwa pa soketipo, osadula waya kapena payipi iliyonse.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan salumikizana ndi zipangizo zina zotchipa, choncho ndi bwino kuyesa pa galimoto yeniyeniyo ndalama isanatuluke m'thumba. Komanso soketiyi imakhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale kiyi itachotsedwa. Galimoto ikamaima masiku ambiri, kachipangizo kosiyidwa pamenepo kakhoza kuphwetsa batire.

Minibasi yakale kapena pikapu yopanda soketi yotereyi imafuna geji yokhala ndi sensa yakeyake, ndipo apa m'pamene ntchito imafunika manja odekha. Injini iyenera kukhala yozizira. Makaniko amachepetsa madzi, amadula payipi yapamwamba ya radiyeta, yomwe imanyamula madzi otentha kuchoka ku injini, n'kulowetsa cholumikizira chachitsulo chokhala ndi bowo la sensa. Cholumikiziracho chikhale cha saizi ya payipiyo, chifukwa chachikulu chimaing'amba ndipo chaching'ono chimadontha. Poti chimakhala pakati pa mphira mbali zonse, sensa ya waya mmodzi imafuna waya wina wa ethi wopita ku bodi, apo ayi geji imanama kapena kungokhala chete. Moto utengedwe pa waya amene amayaka ndi kiyi, kudzera pa fyuzi. Kupotokola mawaya ndi manja n'kukulunga tepi, monga zimachitikira m'magalaja ena, ndi kuitana moto m'galimoto. Pomwe mawaya akudutsa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu pakhale mphira, ndipo atalikirane ndi ekizozi. Pomaliza madzi amabwezeredwa ndipo mpweya wotsalira umatulutsidwa, chifukwa sensa yokhala mu mpweya siwerenga zoona.

Sensa ya pa payipi yapamwamba ili ndi khalidwe lake: m'mawa imachedwa kukwera mpaka thermostat itatseguka. Limeneli si vuto. Koma injini ikamamveka kutentha geji ili pansi, mwina thermostat yakana kutseguka.

Geji ikaikidwa, ntchito yoyamba ya dalaivala ndi kuidziwa nambala ya galimoto yake, ya pa msewu wautali, ya mu mdipiti wa magalimoto mu Limbe kapena pa mlatho wa Lilongwe, ndi ya pa chikweza. Galimoto imene inkakhazikika pa 88 ikayamba kukhala pa 96 pa msewu womwewo, ikuuza mwini wake kuti radiyeta yayamba kutsekeka, madzi akuchepa kapena fani yafooka, nyali yofiira isanaganize n'komwe zoyaka.

Nambala imaululanso chizolowezi chofala chochotsa thermostat poganiza kuti dziko lotentha siliifuna. Injini yotero imayenda pa msewu wautali ili pa 60 kapena 70, kompyuta imaiona ngati sinatenthe n'kumathirabe mafuta ambiri, ndipo zitsulo zam'kati zimatha msanga. Mafuta akukwera mtengo chonchi, umenewu ndi msonkho wodzipatsa wekha. Mageji ambiri amaonetsanso moto wa batire: cha pa 12.6 volts injini itazima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikulira. Nambala ikamatsika pansi pa 12 galimoto ikuyenda, alitaneta yasiya kutchaja.

Kutentha kukadutsa 105 n'kumakwerabe, dalaivala azimitse eyakoni, atsegule hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha kwina, apeze malo abwino aime. Chotsekera cha radiyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha, chifukwa madzi opanikizidwa amathovoka n'kuwaula nkhope ndi manja. Nambala ikakwera kenaka n'kugwa mwadzidzidzi, hita n'kuyamba kutulutsa mphepo yozizira, asasangalale. Kawirikawiri madzi amakhala atatha ndipo sensa yatsala pouma, injini ikupsa.

N'chifukwa chake geji siichotsa udindo wotsegula boneti m'mawa ndi kuona madzi ndi oyilo. Amene akufuna kugula asankhe yokhala ndi alamu yolira, aitchere cha pa madigiri 103 mpaka 105, ndipo aiike pomwe maso angaione osachoka pa msewu. Kwa woyendetsa Sienta ya matola kapena minibasi yokwera Thabwa tsiku ndi tsiku, geji yotereyi ndi yofunika kuigula nyengo yotentha isanafike.