Mwadzera Nkhani, Mwapeza Msika

Amayi anzanga, tiyerekeze kuti foni imene mumayendetsera geni yanu yatopa, batire lake silikuchedwa kutha, ndipo mwakhala mukusunga kandalama kubanki mkhonde kuti mugule ina. Popeza safunsa adadya phula, mwana wanu wakulozerani tsamba lina la pa intaneti pamene akatswiri amalembapo za mafoni ndi makompyuta, kuti muyambe mwawerenga musanamasule pansonga pa chitenje. Mwagula bandulo, mwakhala pakhonde ntchito zonse zitatha, ndipo mwatsegula tsambalo. Musanawerenge ngakhale mzere umodzi, chithunzi cha galimoto chaphimba galasi lonse la foni. Mwafunafuna kamtanda kotsekera, mwakapeza kali kakang'ono ngati njere ya mpiru, chala chaphonya, ndipo foni yakutengerani kutsamba la juga limene simudalifune. Mwabwerera. Kanema wayamba kulankhula yekha mokweza, mpaka khanda limene mudagoneka ladzidzimuka. Pamene mukuti tsopano muwerenge, mawu onse atsetserekera m'munsi chifukwa chithunzi china chadzilowetsa pakati pa ndime.

Ngati zotere zidakuchitikiranipo, musadziyese mbuli. Dandaulo lomweli lakhala likumveka ku America ndi ku Ulaya kwa zaka zoposa 20, ndipo amene amadandaula koposa ndi anthu odziwa makompyuta, amene amawerenga masamba a nkhani za luso lamakono tsiku ndi tsiku. Nkhani yake njoyenera kuti nanunso muidziwe, pakuti ikukhudza thumba lanu ndiponso maso a ana anu.

Mmene zidayambira

Pa 27 Okutobala 1994 magazini ya ku America yotchedwa Wired, imene imalemba za makompyuta, idatsegula tsamba lake la pa intaneti lotchedwa HotWired. Pamwamba pa tsambalo padaikidwa kachithunzi kopingasa kotsatsa kampani ya matelefoni ya AT&T, kamene kali m'gulu la malonda oyambirira a mtundu umenewu. Popeza chachilendo chimakopa maso, akuti anthu 44 mwa 100 alionse amene adakaona adakadina. Lero odina malonda otere sakwana ngakhale mmodzi mwa 100, chifukwa maso a anthu adazolowera kuwalambalala. Eni malonda ataona kuti anthu sakucheukanso, adachita monga amachitira wogulitsa pamsika akaona makasitomala akumupitirira: adakweza mawu. Zithunzi zidakula, zidayamba kuphethira ndi kuyendayenda, ndipo pamapeto pake zidayamba kulankhula.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mnyamata wina dzina lake Ethan Zuckerman ankagwira ntchito pakampani ya Tripod, imene inkapatsa anthu malo aulere oikapo masamba awo. Kampani ina yogulitsa magalimoto idakwiya itaona malonda ake ali patsamba la nkhani zolaula. Pofuna kulekanitsa malonda ndi nkhani, Zuckerman adakonza njira yoti malondawo azitumphukira pakazenera kakekake. Umu ndimo adabadwira malonda okutumphukirani kumaso aja. M'chaka cha 2014 mkuluyu adalemba nkhani m'magazini ya The Atlantic napepesa poyera, nanena kuti iye ndi anzake adachita izi ndi cholinga chabwino.

Zimene zimachitika mukatsegula tsamba

M'nyuzipepala ngati ino, mkonzi amadziwa malonda alionse amene alowe, ndipo angathe kukana amene ali osayenera. Pa intaneti kawirikawiri sizitero. Mwini tsamba amangosiya mipata, ndipo makampani ena apakati ndiwo amaidzaza. Mukangotsegula tsamba, uthenga umathamangira ku makampani amenewa wonena dera limene muli, mtundu wa foni yanu, ndi zinthu zimene mwakhala mukuyang'ana. Pomwepo pamachitika okushoni, monga momwe fodya amagulitsidwira ku Kanengo kapena ku Limbe, kungoti iyi imatha diso lisanaphethire, ndipo chimene ogula akupikisanirana ndi maso anu. Wopambana ndiye amaonetsa chithunzi chake. Timafayilo ting'onoting'ono totchedwa cookies, timene masamba amasiya m'foni mwanu, timathandiza makampaniwa kukuzindikirani. Nchifukwa chake nsapato imene mudaiyang'ana dzulo imakulondolani tsamba ndi tsamba ngati wangongole.

Zonsezi zimadya bandulo ndi moto wa m'batire. Mu Okutobala 2015 nyuzipepala ya The New York Times idayesa masamba 50 a nkhani otchuka powatsegula pafoni, ndipo idapeza kuti zoposa theka la zonse zimene foni inkakoka zidali malonda ndi zinthu zoyendera limodzi ndi malondawo. Kwa munthu amene amalipira intaneti yopanda malire pamwezi, kumeneku nkuchedwetsedwa chabe. Koma kwa inu amene mumagula bandulo ya tsiku limodzi ndi phindu la mandasi, ndiye kuti mwatulutsa ndalama zanu kuti wina akuonetseni katundu wake.

Palinso choopsa china choposa kutha kwa bandulo. Mu Malichi 2016 akatswiri a chitetezo cha makompyuta adapeza kuti masamba akuluakulu, monga a BBC ndi The New York Times, adaonetsa malonda amene adabisa pulogalamu yoipa, yotseka zonse za m'kompyuta ya munthu mpaka atapereka dipo. Eni masambawo sadadziwe kanthu, pakuti akuba adalowera kwa makampani apakati aja. Mu Disembala 2022 bungwe la apolisi ofufuza la ku America, la FBI, lidachenjeza kuti akuba amagula malo a malonda pamasamba ofufuzirapo zinthu nadzionetsa ngati makampani odziwika, ndipo mwa malangizo ake lidatchulamo kugwiritsa ntchito pulogalamu yotsekereza malonda.

Owerenga atatopa

Anthu odziwa makompyuta sadangodandaula ali manja lende. M'chaka cha 2006 Wladimir Palant, wokhala ku Germany, adatulutsa Adblock Plus, pulogalamu yaulere yoletsa malonda kuonekera patsamba, ndipo pambuyo pake padabwera inanso ya Raymond Hill yotchedwa uBlock Origin. Amene adathamangira mapulogalamu amenewa poyamba ndi owerenga a masamba a nkhani za luso omwe aja, popeza ndiwo ankadziwa kaikidwe kake. Motero masamba amtundu umene udayambitsa malondawa ndiwo adayambanso kumva kuwawa.

Mu Malichi 2010 tsamba la Ars Technica lidachita zoyesa: kwa maola 12 lidabisa nkhani zake kwa anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu ina yotchuka yotsekereza malonda. Owerenga ambiri adapsa mtima, ndipo mkonzi wake, Ken Fisher, adalemba nkhani yofotokoza mbali yawo. Iye adati ambiri amaganiza kuti tsamba limalandira ndalama pokhapokha munthu akadina malonda, pamene kwenikweni masamba aakulu amalipidwa potengera kuchuluka kwa anthu amene malondawo awaonekera. Adayerekeza vuto lawo ndi nyumba yodyera imene anthu 40 mwa 100 amadya nachoka osalipira. Owerenga ena adamva chisoni nalola malonda patsambalo, ena adalembetsa kuti azilipira, koma enanso adayankha kuti sadzatsegula chitseko kufikira malonda ataphunzira mwambo.

Mu Sepitembala 2015 kampani ya Apple idalola mapulogalamu otsekereza malonda pa iPhone. Mkulu wina wotchedwa Marco Arment adatulutsa yake yotchedwa Peace, imene idaposa mapulogalamu onse ogulitsidwa ku America nthawi yomweyo. Patangopita masiku awiri mwini wakeyo adaichotsa pamsika, nati mtima wake sukumva bwino, chifukwa pulogalamuyo inkalanga masamba aulemu pamodzi ndi amwano omwe. Mu Febuluwale 2016 Wired yomwe ija idaulula kuti oposa 20 mwa 100 a alendo a tsamba lake ankatsekereza malonda, ndipo idawauza kuti asankhe, kulola malonda kapena kulipira dola imodzi pasabata.

Nawonso olemba amadya

Tisaweruze mlandu titamva mbali imodzi. Mtolankhani amene amakhala sabata yathunthu akuyesa foni, kuona kutalika kwa moyo wa batire ndi kuwala kwa zithunzi zake, ali ndi banja ndipo amalipira lendi. Ngati owerenga salipira ndipo malonda saoneka, ntchitoyo imafa. Tsamba la AnandTech, limene Anand Lal Shimpi adaliyamba m'chaka cha 1997 ali ndi zaka 14, lidalemekezedwa kwambiri chifukwa cha kuyesa zipangizo mosamala, koma lidasiya kulemba mu Ogasiti 2024 patatha zaka 27, ndipo mkonzi wake potsazika adati msika wa nkhani zolembedwa za luso sulinso monga udaliri kale. Mu Disembala chaka chomwecho tsamba la The Verge lidayamba kulipiritsa madola 7 pamwezi kwa ofuna kuwerenga nkhani zonse ndi malonda ochepa. Njira imeneyi njabwino kwa okhala ndi makhadi a kubanki a ndalama zakunja, koma mayi wa kuno kwathu imamusiya panja.

Makampani a malonda nawo adaona kuti akudzitemera nthambi imene akhalapo. M'chaka cha 2016 Google, Facebook, Unilever ndi ena adapanga gulu lotchedwa Coalition for Better Ads, limene lidafunsa anthu oposa 25,000 a ku North America ndi ku Ulaya, ndipo m'chaka cha 2017 lidatchula mitundu 12 ya malonda amene anthu amadana nawo koposa. Mwa imeneyi muli malonda otumphuka, kanema woyamba yekha ndi phokoso, malonda okudikiritsani kuti masekondi athe musanaone nkhani, zithunzi zophethiraphethira, ndi malonda odzaza zoposa 30 mwa magawo 100 a tsamba la pafoni. Pa 15 Febuluwale 2018 pulogalamu ya Google yotsegulira masamba, ya Chrome, idayamba kuchotsa malonda pamasamba oswa malamulowa, ndipo pa 9 Julayi 2019 lamuloli lidafika padziko lonse. Komabe kumbukirani kuti Google yomweyo imapeza chuma chake chochuluka kuchokera ku malonda. Kuyambira m'chaka cha 2024 kusintha kwa malamulo a Chrome kudayamba kuzimitsa uBlock Origin yathunthu, ngakhale kuti pa Firefox pulogalamuyi imagwirabe ntchito.

Zimene inu mungachite

Choyamba, funsani mwana wanu kapena mnansi wodziwa kuti akusonyezeni njira yowerengera mawu okhaokha. Pa Firefox ndi pa Safari pali kachizindikiro pafupi ndi keyala ya tsamba, ndipo mukakadina, zokongoletsa zonse zimachoka, nkhani nkutsala yoyera ngati ya m'buku.

Chachiwiri, ngati bandulo ikukutherani msanga, dziwani kuti Brave ndi Opera ali ndi chotsekereza malonda m'kati mwake, ndipo Firefox ya pafoni za Android imalola kuikamo uBlock Origin. Zonsezi nzaulere. Zitengeni kumalo ovomerezeka a mapulogalamu a foni yanu, osati kudzera pa chithunzi chokutumphukirani.

Chachitatu, tsamba likakupemphani kuti lizikutumizirani mauthenga, pamaoneka mawu awiri, Allow ndi Block. Sankhani Block, pokhapokha ngati tsambalo mumalidziwa bwino. Ambiri amene mafoni awo amalira usiku ndi mauthenga a juga ndi zithunzi zochititsa manyazi adadina Allow mosadziwa.

Chachinayi, chithunzi chokuuzani kuti mwapata mphoto, kapena choopseza kuti foni yanu yadwala ndipo muitsuke msanga, chitsekeni osachidina. Tsamba la nkhani silingadziwe matenda a foni yanu, ndipo mphoto sigwera munthu amene sadalowe mpikisano. Nambala yachinsinsi ya ndalama zanu za pafoni musailembe pamalo otere ngakhale atakulonjezani chiyani.

Chachisanu, malonda ena amavala malaya a nkhani. Mukaona mawu akuti Sponsored kapena Advertisement pamwamba pa nkhani, dziwani kuti wina walipira kuti ilembedwe. Masamba ambiri amalandiranso kangachepe mukagula katundu kudzera pa iwo, ndipo aulemu amanena zimenezi poyera. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho werengani masamba awiri kapena atatu musanakhulupirire kuti foni yakutiyakuti ndiyo yopambana.

Chachisanu ndi chimodzi, musabwereke mwana wamng'ono foni nkumusiya yekha patsamba limene simudalione. Nkhani ingakhale yabwino, koma malonda a pambali pake sadasankhidwe ndi mphunzitsi kapena mkonzi.

Pomaliza, mukapeza tsamba limene limakulemekezani, la malonda ochepa okhala phee pambali, ndipo nkhani zake zakuthandizani kusankha foni yabwino, liloleni lionetse malonda ake. Mapulogalamu ambiri otsekereza ali ndi njira yopatulira tsamba limodzi, ndipo mwana wanu angakuchitireni zimenezi m'kamphindi. Pamenepo wolemba alandira kake, ndipo masamba aphokoso aja adzaona okha kumene owerenga akupita. Ndalama ya kubanki mkhonde ija mudaisunga movutikira, amayi, choncho werengani modekha, yerekezani mitengo, ndipo mugule foniyo tsiku limene inu mwakhutira.