Masiku Atali a Cilimwe

Inu eni minda, penyani dzuwa. Kuyambira October kufikira December limafulumira kuturuka, nilicedwa kulowa. Usana wa December uposa wa June ndi ora lathunthu ndi kanthu. Ora limenelo ambiri amalitaya pamthunzi.

Kodi mufuna kuti m'nkhokwe mukhalebe cimanga pa February, mwezi wa njala? Nchito yace ndi ya tsopano. Werengani mizere ya munda wanu, muigawe pa masiku otsala mvula isanagwe, kuti mudziwe muyeso wa tsiku limodzi. Lawirani mbandakuca, pumulani dzuwa likafika paliwombo, mubwererenso likapendeka. Mizere ipingase malo otsetsereka, kuti madzi asakokolole nthaka. Mapesi muwakwirire, musawatenthe, pakuti akaola amadyetsa mbeu. Zoonadi nthaka ya October njouma, khasu limanjanja. Koma wodikira kuti ifewe amabzala mocedwa, ndipo mvula ikaleka msanga cimanga cace cimafota cisanakhwime.

Inu mafumu, itanitsani dima nyengo yomweyi, muyambe ndi minda ya amasiye ndi ya nkhalamba. Mowa uturuke mizere itatha, si m'mawa ai.