Kalata yati Chitipa: kupita kapena kukana?

Kalata ya transifa ikatuluka n'kupezeka kuti yalembedwa Chitipa, anzake a munthu m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre safulumira kufunsa tsiku lonyamuka. Amatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Kodi achimwene, munalakwira ndani?" Maganizo oti boma limeneli ndi kotayirako anthu anazika mizu kalekale, ndipo aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi alangizi a zaulimi ambiri amayamba kusaka wowapepesera kwa mabwana asanaone n'komwe malowo.

Pali ena amene palibe wawatuma. Wopuma pantchito amene penshoni yake ikuthera lendi ku Area 25, kapena banja lachinyamata lotopa ndi kugula chilichonse mpaka masamba a chisoso, amakhala pansi n'kuwerengera ngati moyo sungapepukeko kutauni yaing'ono. Onsewa akulimbana ndi funso limodzi, koma ambiri amaliyankha ndi masamu a lendi ndi chakudya basi.

Masamuwo amakoma ndithu. Nyumba imene mumzinda ingadye theka la malipiro, pa Chitipa boma simungailipire ndalama zoterozo. Nthawi yokolola chimanga, nyemba, mtedza ndi mawere zimabwera pamsika kuchokera m'minda yapafupi, ndipo ku mapiri a Misuku kumatsika nthochi ndi uchi, kuwonjezera pa khofi amene alimi akumeneko amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee. Kuntchito munthu amapita wapansi, ya minibasi n'kusunga. Malinga ndi kalembera wa 2018, boma lonse linali ndi anthu pafupifupi 235,000, ndipo okhala pa boma penipeni sankafika 20,000. Nyengo ndi yozizira bwino, yosiyana ndi ng'anjo ya ku Karonga imene mumadutsamo pobwera.

Chimene chimagwetsa masamuwa ndi msewu. Kuchoka ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 700: kukwera mpaka Mzuzu, kutsika zikhotakhota za Chiweta mabuleki akununkha, kutsata nyanja mpaka Karonga, kenako kukhotera kuzambwe n'kukweranso mapiri makilomita ena 101. Pa basi ulendowu ndi wa tsiku lathunthu, kawirikawiri n'kuonjezapo usiku. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje aonjezepo makilomita ena oposa 300. Tsono taganizani foni ikulira cha m'ma 9 koloko usiku kuti malume atisiya, mwambo ndi mawa masana. Mudzafika anthu atabwerako kumanda, ndalama ya thiransipoti mutakongola, ndipo kumudzi sadzaiwala kuti simunaponye dothi. Maliro awiri ndi ukwati umodzi pachaka ndi zokwanira kumeza zonse zimene munapulumutsa pa lendi. Walira mvula walira matope.

Achikulire a ku Chitipa angaseke kumva wina akudandaula za msewu lero. Kwa zaka zambirimbiri msewu wa Karonga–Chitipa unali wafumbi, ndipo dzinja ulendo wa makilomita 101 amenewa unkatha kugonetsa anthu panjira, galimoto itatitimira. Andale ankaulonjeza chisankho chilichonse. Ntchito inayamba ndi thandizo la Taiwan, n'kuima pamene boma la Bingu wa Mutharika linalengeza kumayambiriro kwa 2008 kuti lapalana ubwenzi ndi China, ndipo anadzaumaliza ndi a ku China. Phula limeneli linasintha zambiri. Koma kalata yanu muiwerenge bwino, chifukwa "Chitipa" akhoza kukhala pa boma, akhozanso kukhala Nthalire, Wenya kapena Kameme, kumene mvula ikagwa masiku atatu otsatizana wakabaza wanjinga yamoto ndiye amakhala mfumu ndipo mtengo amatchula yekha.

Nkhani ya chipatala ndiyo anthu amaiganiza mochedwa kwambiri. Pa boma pali chipatala chimene chimachiza malungo, kubereketsa ndi kuchita maopaleshoni wamba. Matenda akafuna dokotala wa ukatswiri wapadera, kalata imalozera ku Mzuzu Central, chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu zinayi za boma m'dziko muno, ndipo ndi mtunda wopitirira makilomita 300. Mnyamata wa zaka 28 amene sanagonepo m'chipatala akhoza kuzinyalanyaza zimenezi. Bambo wa zaka 62 amene amamwa mankhwala a shuga ndi a BP tsiku ndi tsiku, kapena mayi amene mimba yake yoyamba inavuta, asazitenge mwachibwana. Apa ndiye ndimaona kuti opuma pantchito, amene amakopeka kwambiri ndi bata la kumudzi, ndi omwenso ayenera kuganiza kawiri.

Komabe amene amaona Chitipa ngati mathero a dziko amakhala akuyang'ana ataima ku Capital Hill. Mukaima pa boma pomwepo, Zambia ali pakhomo ndipo Tanzania ali kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Amalonda a kuno akafuna kupikula zitenje, ziwiya za pulasitiki, zipangizo za njinga yamoto kapena mafoni, maso awo amaloza ku Nakonde ndi ku Tunduma, kumene kumadutsa msewu waukulu ndi njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam. Limbe kwa iwo ndiye kutali. M'thumba mwa wageni mmodzi mukhoza kupeza kwacha ya kuno, kwacha ya Zambia ndi shilingi, ndipo amadziwa mtengo wa iliyonse tsiku limenelo osayang'ana pa foni. Si zachilendo ayi. Tauniyi, imene m'nthawi ya atsamunda inkatchedwa Fort Hill, inali panjira ya Stevenson Road, imene anayamba kuilambula mu 1881 kuti ilumikize Karonga ndi nyanja ya Tanganyika. Anthu akhala akudutsa pano ndi katundu kuyambira kale.

Choncho anthu awiri olandira malipiro ofanana akhoza kukhala moyo wosiyana kotheratu. Wina thupi lili ku Chitipa koma mkazi ndi ana anawasiya ku Kawale. Akulipira nyumba ziwiri, akuphika miphika iwiri, ndipo mwezi ukatha amathamangira kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba kukatumiza zotsala. Ameneyu chaka sichitha asanalowe katapila. Mnzake anabwera ndi banja lonse, anabwereka munda wa nyemba, mayi anatsegula kashopu ka zitenje za ku Tunduma, ana ali pasukulu yapafupi. Kaalawansi ka aphunzitsi a kumidzi sikangasinthe chilichonse mwa ziwirizi. N'kochepa kwambiri kuti munthu asamukire iko.

Za chilankhulo musadere nkhawa mopitirira, koma musanyozerenso. Chitipa ndi boma la zilankhulo zambiri zedi: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chitumbuka chakummwera, ndi Chibemba cholowa kuchokera ku Zambia. Chichewa amachimva ndipo pamsika mudzagula bwinobwino. Koma namwino amene akufunsa gogo wa ku Misuku pamene pakupweteka, kapena mphunzitsi wa Sitandade 1, adzazindikira sabata yoyamba kuti Chichewa chokha sichimufikitsa. Miyambo nayonso ndi ina: kuno ndi kwa malowolo, ana ndi a kuchimuna, ndipo wochokera kwa chikamwini akafuna kukwatira kapena kupempha malo ayambe wafunsa eni ake ndondomeko. Malo a mafumu sagulidwa pongopatsana ndalama pansi pa mtengo, ndipo mlendo wochita changu pa nkhani za malo amadzagona kubwalo la milandu.

Pali chinanso chimene okhala mumzinda saganizira: m'tauni yaing'ono mulibe kobisala. Mukamwa pangongole Loweruka, Lolemba a hedimasitala amva kale. Mukalephera kupita kumaliro a mnansi, dzina lanu limasungidwa. Ena zimenezi zimawatsamwitsa. Kwa ena ndi zomwe ankazisowa ku Lilongwe, kumene munthu amadwala sabata yathunthu woyandikana naye nyumba osagogoda.

Kwa wantchito wa pa intaneti amene akuganiza kuti kompyuta ndi foni n'zokwanira, pa boma netiweki ilipo ndipo magetsi alipo, koma kuno ndi kumapeto kwa nthambo. Mtengo ukagwera mawaya kwinakwake panjira, mudikira. Sola ndi batire zilowe mu bajeti musananyamuke.

Amene akadali ndi mpata wosankha asapite kukaona malowa mu Juni, misewu ili youma ndipo msika wadzaza nyemba zatsopano. Apite mu Febuluwale, agone masiku angapo, akwere kabaza mpaka pasukulu kapena pachipatala chenicheni chimene chalembedwa m'kalatamo, afunse anzake amene adzawapeze kuti mafuta a galimoto akasowa ambulansi imayenda bwanji, ndipo pobwerera alembe ndalama yonse imene waononga kuchoka pakhomo pake mpaka kubwereranso. Ndalama imeneyo aichulukitse ndi maulendo amene abale ake adzayembekezera kumuona kumudzi pachaka, kenako aiike pambali pa lendi ija.