Mazira a Abakha Akachuluka Pakhomo

Dzira la bakha ndi lalikulu kuposa la nkhuku, koma kusiyana kwake sikuthera pa kukulako. Limalemera pafupifupi magalamu 70, pomwe la nkhuku nthawi zambiri limakhala pakati pa magalamu 50 ndi 60. Chigoba chake n'chochindikala, chikasu chake n'chachikulu ndiponso chamafuta ambiri, ndipo choyera chake n'cholimba chifukwa muli madzi ochepa. Zinthu zitatuzi ndi zimene zimalamula kaphikidwe ndi kasungidwe ka dzirali. Wolitenga ngati la nkhuku amadabwa nalo pachiwaya.

Abakha ambiri owetedwa m'midzi ya m'Malawi ndi a mtundu wa Muscovy, aja okhala ndi khungu lofiira lotupatupa kumaso, amene kwawo kwenikweni ndi ku Central ndi South America. Msoti wa mtundu umenewu ukaikira mazira khumi ndi angapo umayamba kukhalira, ndipo anapiye amaswa pakatha masiku 35. Mitundu ina ya abakha imakhalira masiku 28, nkhuku masiku 21. Pali mitundu imene inapangidwira mazira basi, monga Khaki Campbell, amene mayi wina wa ku England, Adele Campbell, anawayambitsa cha m'ma 1900. Bakha mmodzi wa mtundu umenewu, akamadya bwino, amatha kuikira mazira oyandikira 300 pachaka. Abakha asanu otere amatsala pang'ono kudzaza thireyi ya mazira 30 pa sabata imodzi, ndipo vuto limayambira pomwepo, chifukwa ogula ambiri pamsika anazolowera mazira a nkhuku. Ena amati a abakha amamveka fungo la nsomba. Fungolo limachokera ku zimene bakha akudya: wongokhalira m'madambo kapena wopatsidwa nsomba zambiri m'chakudya amaikira mazira afungo lamphamvu kuposa wodya madeya ndi masamba.

Kusamala mazira kumayambira m'khola. Abakha amaikira usiku kapena m'mamawa, ndipo sasankha malo monga ichitira nkhuku. Akatsekulidwa msanga amasiya mazira m'matope, pansi pa nthochi ngakhale m'mbali mwa madzi. N'chifukwa chake oweta odziwa amawatsekula cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo amayala udzu wouma kapena utuchi pansi pa khola. Dzira loyera lisatsukidwe. Pachigoba pamakhala kanthu kopyapyala kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigobacho, ndipo madzi amakachotsa n'kutsekulira njira tizilombo toyambitsa matenda. Litsiro lochepa limachoka ndi kansalu kouma. Dzira lamatope kapena lazitosi litsukidwe ndi madzi ofunda n'kuphikidwa tsiku lomwelo, osalisunga.

Mazira osunga aikidwe pamalo ozizira, mbali yosongoka itayang'ana pansi, ndipo ndi bwino kulemba tsiku pachigoba ndi pensulo kuti akale azitha msanga. Popanda firiji amakhala pafupifupi masabata awiri, koma nthawi yotentha ngati mwezi wa October masikuwo amachepa. Dzira lokayikitsa limayesedwa m'madzi: latsopano limamira n'kugona chammbali, lokhalitsa limaimirira pansi pa madzipo, ndipo loyandama ndi lotaya. Pophika mazira ambiri, lililonse liziswedwa kaye m'kapu payokha, kuopa kuti limodzi lowola lingawononge mbale yonse.

Nkhani ya kupsa siyofunika kuichitira chibwana. Mazira a abakha amatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella timene timayambitsa kutsekula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi. M'chaka cha 2010 anthu angapo ku Ireland anadwala matendawa atadya mazira a abakha, ndipo akuluakulu oona za ukhondo wa zakudya kumeneko analangiza kuti mazirawa aziphikidwa mpaka choyera ndi chikasu zonse zitalimba. Powiritsa, mphindi 10 mpaka 12 madzi atayamba kubwata zimakwanira. Dzira laliwisi la bakha siloyenera kuthira m'phala lomwe laphulidwa kale kapena kupangira mayonezi. Likapsa bwino ndi chakudya chabwino kwa ana ndi amayi oyembekezera, ngakhale kuti m'madera ena mukadali chikhulupiriro choti mayi wodya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi, zomwe zilibe umboni uliwonse. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, mazira ali m'gulu la zanyama. Chokhacho, dzira la bakha lili ndi kolesitulo wochuluka kuposa kawiri wa la nkhuku akayesedwa pa mlingo wofanana, choncho munthu amene adokotala anamuuza kuti achepetse zamafuta asamadye mowirikiza.

Pokazinga, chinsinsi chili pa moto. Choyera cha dzira la bakha chikapsa ndi moto waukulu chimalimba ngati mphira. Makala akhale ochepa pambaula, mafuta achepe chifukwa dziralo lili nawo kale ake, ndipo supuni imodzi ya madzi kapena mkaka pa dzira lililonse imathandiza kuti lifewe. Kuswa kwake kumafunanso dzanja lolimba: chigoba chimatha kusweka koma kakhungu kam'kati n'kukhalabe kosang'ambika, mpaka munthu aboole ndi chala. Ndiwo yomwe imatha mazira ambiri nthawi imodzi ndi ya mazira owiritsa, osenda, okazingidwa pang'ono kuti khungu lifiire, kenako n'kuikidwa mu msuzi wa matimati ndi anyezi. Dzira limodzi limamukwanira munthu pa nsima. Mazira a tsiku lomwelo amavuta kusenda, chigoba chimachoka ndi mnofu, choncho owiritsa asankhidwe pa amene akhala sabata imodzi.

Kumene dzira la bakha limaposeratu la nkhuku ndi pa zophika za ufa. Mafuta a m'chikasu amafewetsa keke, masikono ndi mandasi, amazipatsa mtundu wachikasu wokopa maso, ndipo zimachedwa kuuma. Chigumu chothira dzira la bakha sichinyenyeka msanga. Muyeso wake ndi wosavuta: pomwe pamafunika mazira atatu a nkhuku pamalowa awiri a bakha, ndipo ufa ukaoneka wolimba pokanda, pathiridwe madzi kapena mkaka pang'ono. Kwa mayi wa geni ya mandasi kapena makeke, iyi ndi njira yanzeru kuposa kuvutika kusaka ogula mazira aawisi, chifukwa wogula amene amakana dzira la bakha pathireyi salizindikira likalowa m'keke.

Mazira akachuluka kuposa mmene khitchini ingathere, mchere ndi umene umawapulumutsa. Njirayi ndi ya ku China, kumene anthu akhala akusunga mazira a abakha mumchere kwa zaka zoposa 1,000, ndipo mzinda wa Gaoyou m'chigawo cha Jiangsu ndi wotchuka nawo mpaka lero. Chikasu cha mazira amenewa amachiika m'kati mwa timakeke timene amadya pa chikondwerero cha mwezi. Kapangidwe kake sikafuna firiji kapena magetsi. Kapu imodzi ya mchere imasungunulidwa m'makapu anayi a madzi owira, ndipo madziwo amasiyidwa kuti azizire kotheratu. Mazira atsopano, opanda mng'alu, amatsukidwa, kuumitsidwa n'kuikidwa m'botolo lagalasi, mumtsuko kapena m'ndowa yapulasitiki yoyera. Chiwiya chachitsulo sichiyenera chifukwa mchere umachidya. Madzi amchere aja amathiridwa mpaka mazira onse atamira. Popeza dzira limayandama m'madzi amchere wambiri chonchi, pamwamba amaikapo kambale kapena kajumbo kodzaza madzi kuti kawapanikize pansi. Chiwiyacho chimavindikiridwa n'kusiyidwa pamthunzi kwa masiku 30 mpaka 40.

Pakatha mwezi, dzira limodzi limatengedwa n'kuwiritsidwa kuti lilawidwe. Likakhala kuti lakwana, choyera chimawawa mchere ndipo chikasu chimasanduka chofiirira, chamchengamchenga, chotuluka timadontho ta mafuta chikadulidwa pakati. Apa mazira onse achotsedwe m'madzimo, chifukwa akapitirira mcherewo umafika posadyeka. Dzira lotere silidyedwa laliwisi, ndipo silidyedwa lokha ngati dzira wamba. Theka lake limakwanira mbale ya mpunga kapena phala la mpunga, ndipo likaphwanyidwira mu matimati ndi anyezi odula limakhala ndiwo yosafunanso mchere. Ku Philippines amawakwirira m'matope osakaniza ndi mchere m'malo mwa madzi, ndipo akawawiritsa amapaka chigoba utoto wofiira kuti ogula asawasokoneze ndi aawisi. Ku China kulinso mazira akuda amene amakutidwa ndi phulusa, laimu, mchere ndi mankhusu a mpunga, koma amenewo amafuna luso la miyeso ndipo si oyesera pakhomo mwachisawawa.

Amene ali ndi firiji yowumitsa angathe kuswa mazirawo, kuwatakasa ndi kamchere pang'ono, n'kuwaumitsa m'timakontena. Dzira lisaumitsidwe ndi chigoba chake chifukwa chimaphulika, ndipo kumene magetsi amazimazima nthawi yaitali njirayi njosadalirika. Mazira otsala ena angathe kuwiritsidwa n'kuphwanyidwira anapiye, ndipo zigoba zikawambidwa pamoto n'kusinjidwa zimabwezeredwa m'chakudya cha abakha oikira kuti zigoba za mazira awo zizilimba. Ngati pakhola pali bakha wamphongo, mazira osapitirira sabata imodzi angathenso kuikidwa pansi pa nkhuku yomwe yayamba kukhalira. Thadzi lalikulu limakwanitsa kufungatira mazira a bakha 6 mpaka 8.